Mafuta Osayenda Nawo Padzuwa

Afisa analimva fungolo mwini wake asanakhote pangodya ya nyumba. Msandali, maluwa a lalanje, ndi kadontho kamodzi ka kalafuu kobisala pansi pake. Anaponya pansi chikuni chimene ankasonkhezera moto, nakonza mpango kumutu. Fungo limenelo m'Limbe monse linali la munthu mmodzi yekha, pakuti amene analisakaniza ndi Afisa mwini, m'kabotolo kabuluu, n'kulumbira kuti sadzalisakaniziranso wina. Linali la bwenzi lake Wilkins, kalaliki wa pasiteshoni ya sitima, amene tsopano anali atatha milungu itatu ku Port Herald kumene anamutuma kuntchito.

Koma amene anatulukira sanali Wilkins. Anali mtsikana wa diresi loyera lofika m'akakolo, ambulera ali pamutu ngati dona.

"Odi kuno kotcheza kachasu!"

Chipongwe chimenecho sichinali chachilendo pakhomopo. Nyumba ya a Mwanakombo, azakhali ake a Afisa, inali kuseri kwa masitolo a amwenye, panjira ya ku Kanjedza, ndipo munthu ankaipeza ndi mphuno. Ankatcheza mafuta onunkhira mumphika wamkuwa umene malemu Che Sumaili, bambo ake a Afisa, anabwera nawo kuchokera kugombe. A bulugama otsegula chifuwa, a kalafuu oziziritsa dzino, a chanzi ogonetsa munthu wodwala mutu, ndi a udzu wa ndimu amene madona a ku Sunnyside ankawafuna chifukwa udzudzu umawathawa. Anthu a ku Mishoni akaona mphika ndi mpope wake ankangoti kachasu basi, ngakhale m'nyumbamo munali Asilamu osalawa n'komwe thobwa losasa.

"Kachasu kuno kulibe, chemwali," anatero Afisa. "Mwasochera."

"Sindinasochere. Ndinu Abiti Sumaili, eti? Ine ndine Emily, ndimasoka kwa dona ku Sunnyside. Dzina langa mwina munalimvapo."

Analimvapo ndithu. Ameneyu ndiye mtsikana wa kwaya amene a Christina, mayi ake a Wilkins, ankamutchula tsiku ndi tsiku m'makutu mwa mwana wawo chiyambire kumva kuti akuyenda kwa Msilamu.

"Fungo limene mwadzolalo mwalitenga kuti?"

"Ili?" Emily anakweza dzanja nanunkhiza pamkono pake mwapang'onopang'ono, maso ali pa Afisa. "Mphatso. Kabotolo kabuluu, kochokera m'bokosi la a Wilkins. Kodi n'ka kuno? Ha, ndiye manja muli nawo. N'chifukwa chake ndabwera. Loweruka likubwerali n'chinkhoswe changa. A Wilkins afika Lachisanu pa sitima, ankhoswe anakumana kale. Apongozi anga akuti ndipeze mafuta abwino oti ndiwale nawo, ndiye ndati ndipite kwa amene amadziwa zimene mphuno ya a Wilkins imakonda."

Mpope unkadontha m'botolo, do, do, do. Afisa anafunsa maso ali pamadonthowo.

"Chinkhoswecho chidzachitikira kuti?"

"Kwawo kwa a Wilkins, ku Ndirande. Tidzanyamuka ku Sunnyside dzuwa litakwera, ine ndi anzanga a kwaya, tikuimba njira yonse. Ambulera ndidzasiya, anthu adzandione. Mukafuna mubwere, chemwali, mudzaonerere kumpanda."

Afisa anamwetulira. Kumwetulira kwake kunamudabwitsa ngakhale iye mwini.

"Mubwere Lachinayi. Ndikukonzerani mafuta oti Blantyre yense sadzakuiwalani."

*

Madzulo a tsiku lomwelo anapita kumunda wa kuseri nathyola dengu la tindimu tating'ono tobiriwira. Sanatiike mumphika. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, napala makoko ake, nawafinya pansalu mmodzimmodzi mpaka zala zinachita dzanzi, kenako n'kufinyira nsaluyo m'kambale.

Ntchito imeneyi anaigwirapo ndi Wilkins miyezi ingapo m'mbuyomo. Mnyamatayo anayamba kubwera pakhomopo ndi dzino lomupweteka, ndipo dzino litapola anapitiriza kubwerabe, mpaka a Mwanakombo anamufunsa kuti kodi m'kamwa mwake muli mano angati. Tsiku lina anakwinya malaya m'mikono nathandiza kufinya ndimu, ndipo atati azipita, Afisa anamugwira n'kumusambitsa manja ndi sopo kawiri konse.

"Ndimu ndi dzuwa sizionana," anamuuza. "Mafuta ake tikawatcheza alibe vuto. Koma ofinya m'makoko awa ndi onunkhiza chabe. Timadontheza pansalu, munthu wa mtima wolemera kapena wa mseru anunkhize, apepukidwe. Ukapaka pakhungu n'kuyenda padzuwa, tsiku loyamba umangomva kutentha pang'ono. Mawa lake matuza. Matuza akaphwa pamatsala zipsera zakuda, ndipo zimatha chaka osachoka."

"Ndiye ndiwe woopsa, Abiti Sumaili," anaseka Wilkins. "Ndisadzakulakwire."

Mawu amenewo anali kumuyendabe m'mutu pamene ankathira mafuta a ndimuwo m'mafuta a chitowe, ochuluka, osayeza n'komwe, n'kuphimba pamwamba ndi rozi. Iye anakana amuna awiri a kumzikiti chifukwa cha munthu ameneyu. Analola kuti akazi a kuchitsime azimunena kuti akufuna kudya nkhumba. Anaphunzira kulemba Chinyanja ndi makala pakhoma, kuti azitha kuyankha makalata ake. Ndiye lero fungo lake lomwe, limene analikonza milungu isanu akulakwitsa ndi kuyambiranso, likayende m'khwapa mwa mtsikana wa kwaya?

Pakhomopo panali lamulo limene a Mwanakombo sankalisinthira munthu: botolo silituluka wolikonzayo asanadonthezeko pamkono pake. Afisa analisunga lamulolo. M'mawa mwake anadontheza madontho atatu mkati mwa mkono wamanzere, nakhala pamwala wochapira kuyambira dzuwa litakwera mpaka litapendeka, mkono atautambasula. Ankafuna kutsimikiza.

Lachinayi m'mawa panatuluka thuza lalikulu ngati mbewu ya nyemba, lofiira m'mbali. Analiyang'ana nthawi yaitali, ndipo kupweteka kwake kunamukomera. Anamangapo kansalu.

"Pamkonopo watani?" anafunsa a Mwanakombo.

"Ndinakhudza mphika, azakhali."

"Mphika umenewu unayamba kuugwira usanamere mabere, lero ukuwotche?" Gogoyo ananunkhiza m'mwamba ngati mbuzi yomva mvula. "Ndipo ndimu akununkha chonchi bwanji? Wadwala mseru ndani?"

"Ine ndemwe. Mtima ukundilemera."

A Mwanakombo anamuyang'ana, naona maso otupawo, namusiya. Nkhani ya chinkhoswe inali itawafika kale, ndipo mumtima ankathokoza Mulungu kuti zatha zokha popanda iwo kuchita kulimbana nazo.

*

Tsiku lomwelo dzuwa lisanafike pamutu anaima pakhomo Che Abdala, woyendetsa ngolo yonyamula katundu wa pasiteshoni, ali ndi kalata yopindidwa kanayi.

"Abiti Sumaili, nayi yanu. Yabwera ndi sitima ya dzulo. Mwini wake akuti ndikupatseni m'manja, osati kwa azakhali."

Afisa anazindikira zilembo zopendekera za Wilkins. Anailandira ndi manja awiri, nathokoza, ndipo Che Abdala asanakwere n'komwe pangolo anaiponya pansi pa mphika. Moto unailandira.

"Asa! Osaiwerenga?"

"Ndikudziwa kale zimene ikunena."

"Ine ng'ombe zanga ndimazidziwa, koma ndimayang'anabe kumene zikulowera," anatero Che Abdala akupukusa mutu, nakwapula chikwapu.

Emily anafika masana, ndipo Afisa anamulandira ngati mlendo wa ulemu. Anamuyalira mkeka, natulutsa botolo lokulungidwa m'kansalu kofiira, natsegula kuti anunkhize.

"Rozi!" anatero Emily, maso atatseka. "Ndi kena kake kozizira kumapeto."

"Kameneko ndi chinsinsi cha nyumba ino. Mumvetsetse kadzoledwe kake. Musawayese lero kapena mawa, mungawawononge. Loweruka m'mawa mukasamba, mupake nkhope yonse, m'khosi, ndi mikono. Musaumire. Ndipo musafunde kanthu, pakuti amawala bwino dzuwa likawamenya."

Emily anabwereza malangizowo ngati vesi la pa Sande sukulu. Atafika pachipata anatembenuka, ndipo mawu ake anatsika pang'ono.

"Ndimayesa mudzandithira madzi otentha, chemwali. Muli ndi mtima wabwino kuposa mmene amanenera."

"Yendani bwino," anatero Afisa.

*

Amene anayendapo pansi msewu wa Blantyre ndi Limbe mwezi wa Okutobala akulidziwa dzuwa lake. Loweruka limenelo linatuluka lopanda kamtambo, ndipo Afisa analilonjera ngati mnzake. Ankasonkhezera moto akuwerenga njira m'mutu mwake: tsopano wasamba, tsopano wapaka, tsopano akutsika ku Mudi akuimba, nkhope ili pamtunda. Lolemba Wilkins adzamuyang'ane mkwatibwi wakeyo. Chaka chonse azidzadzuka m'mawa n'kuwerenga pankhope pake dzina la amene anamunyoza.

Belu la njinga linalira pachipata. Wilkins anatsika njinga isanaime, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, kolala itamasuka.

"Afisa! Sesa pakhomo, yala mkeka wabwino uja. Azakhali ali kuti?"

Afisa sanadzuke. "Mwasochera, a Wilkins. Ku Ndirande n'kumbuyo kwanuko. Alendo akudikira."

"Alendo ati? Kalata yanga sunailandire?"

"Inapsa bwino. Pepala la ku ofesi limayaka msanga."

Wilkins anagwira m'chiuno, napuma kawiri. "Ndinakulembera kuti mphekesera zandipeza ku Port Herald komweko, zoti amayi akukonza chinkhoswe ine kulibe. Ndinati usamve za munthu, undidikire. Dzulo nditangotsika sitima ndinapita kwa amalume, pamaso pa ankhoswe onse awiri, ndinakana. Chinkhoswe kulibe."

"Nanga kabotolo kabuluu? Kanayenda kokha kukalowa m'khwapa mwa Emily?"

"Amayi anathyola loko wa bokosi langa. Ndinakasiya dala poopa kuti kangasweke m'sitima. Iwo anakatenga n'kumupatsa, ndipo anamutuma kuno ndi iwo omwe, kuti iwe ukamva fungolo undisiye wekha. Anavomera okha dzulo akulira." Anagwada pafupi naye, osasamala phulusa. "Ndinawauza kuti akapitiriza ndikwera sitima ya Lolemba, ndipita ku Halale kumigodi, ndipo sadzaonanso ngakhale chipewa changa. Ine ndine ndatsala ndekha mwa ana awo asanu, Afisa. Sanagone mtima uli m'malo. M'mawa uno anena okha kuti, ndiperekeze ndikamuone ndi maso anga mwana wa eniakeyo, ndisanatume ankhoswe."

"Akubwera kuno?"

"Ali m'njira. Ndinati ndiwapezere gareta, akana. Akuti wopepesa amayenda pansi. Ndawasiya ku Chichiri kuti ndidzakuchenjezeni."

Dziko linamuzungulira Afisa. Chimwemwe chinabwera choyamba, champhamvu, koma kumbuyo kwake kunabwera botolo la kansalu kofiira.

"Emily ali kuti?"

"Kwa dona wake, akulira ndi kutukwana. Usiye zimenezo. Anabweza zonse zimene amayi anamupatsa, mpaka singano."

Ndiye kuti sanapake. Sayenda padzuwa lero, alibe chifukwa chowalira. Afisa anatseka maso nathokoza Mulungu chamumtima, nalonjeza kuti Lolemba adzapita yekha ku Sunnyside kukalanda botololo n'kulikwirira m'dzenje lakuya. Palibe adzadziwe. Anakoka kansalu ka pamkono kuti kaphimbe bwino, nathamanga kukatenga tsache.

*

A Christina anafika dzuwa lili paliwombo. Anali mayi wamtali wowuma thupi, wa bulauzi ya manja aafupi, duku atalimanga kumbuyo kuti chipumi chionekere. Anaima pachipata nayang'ana mphika wamkuwa, mpope, ndi mabotolo oyanikidwa pathandala. Nkhope yawo inkang'anima ngati mphika wotsukidwa kumene, ndipo mikono ndi khosi zinkang'anima chimodzimodzi.

A Mwanakombo anawalandira ndi ulemu wozizira, nawalozera mkeka pakhonde. Afisa anabwera ndi chikho cha madzi, nagwada patali pang'ono, nasendera chogwada monga mwa mwambo. Atafika pafupi, mphepo inatembenuka.

Rozi. Ndipo pansi pa rozi, ndimu.

Madzi anatayikira pamkeka.

"Usanjenjemere, mwana wanga, sindiluma," anatero a Christina, nalandira chikhocho. Anamwa, napukuta pakamwa. "Ine sindidziwa kuzungulira. Ndinakulakwira. Ndinakutcha wa kachasu, ndinakutumizira munthu kuti adzakubaye mtima. Za tchalitchi ndi mzikiti sindinazimvetse mpaka lero, zimenezo akakambe amuna. Koma chimene chandiyendetsa si kuopa Halale kokha ayi."

Anapisa m'kathumba natulutsa botolo la kansalu kofiira. Linali litatsika kufika pakati.

"Emily anandiponyera ili dzulo pamodzi ndi nsalu zanga. Ananditokosa nalo, akuti onani, Msilamu wanuyo anachita kundikonzera mafuta a chinkhoswe n'kundiphunzitsa kadzoledwe kake. Ndinakhala pansi. Ndinati, mtsikana amene talanda mwamuna, tamutumira mnzake kudzamuseka pakhomo pake, iye n'kumukonzera mafuta abwino chonchi? Ine sindikanatha. Ndiye ndati ndikapita kwawo ndipite nditadzola ntchito ya manja ake, aone kuti sindinyansidwa nayo. Ndatsata zonse mmene unanenera. Nkhope, khosi, mikono, osafunda kanthu."

"Mwanyamuka nthawi yanji, amayi?" Mawu a Afisa anatuluka ngati a munthu wina.

"Dzuwa litangokwera. Lero likuwotcha ndithu, nkhope yonseyi ikuchita ngati ndayandikira ng'anjo." Anaseka, namupatsa botolo lija. "Bwera undipakeko kumbuyo kwa khosi kuno, sindinafikeko bwino. Ndikufuna ndibwerere lisanapendeke."

Afisa anagwira botololo. Akanatha kunena kuti mafuta ochuluka saoneka bwino. Akanatha kukhala chete, n'kudzati mawa ndi matenda a m'magazi, kapena wina wawalodza. Anayang'ana mizere ya pankhope ya mayiyo, mmene mafuta anali atalowerera, ndi kufiira kumene kunali kutayamba m'mphepete mwa makutu.

Anasiya botololo pamkeka, nadzuka, nathamangira kuseri, nabwera ndi beseni la madzi ndi sopo.

"Sambani, amayi. Sambani msanga, kawiri, katatu. Ndipo musatulukenso padzuwa lero, kapena mawa. Mugona konkuno."

"Kusamba?" Kumwetulira kwa a Christina kunazima. "Ndikununkha kodi? Kapena kwanu kuno Mkhristu akakhala pamkeka amayamba watsukidwa?"

A Mwanakombo anali atatola kale botolo lija pamkeka. Ananunkhiza kamodzi kokha, nayang'ana Afisa. Wilkins anawalanda, naliika pamphuno. Afisa anaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono, kuchoka pa kudabwa kufika pa kukumbukira. Sopo kawiri konse. Ndimu ndi dzuwa sizionana.

"Mwina walakwitsa botolo," anatero Wilkins, mawu ali pansi, ngati akumupempha. "Walakwitsa, eti, Afisa? Unasokoneza ndi lina?"

Afisa anagwada pabeseni natola sopo. Anali atapinda nsalu m'mikono kuti anyowetse sopo, ndipo kansalu ka pamkono wamanzere kanali katasereraka. Wilkins anamugwira dzanja nalitembenuza. Thuza linali litaphulika, ndipo m'mbali mwake munali mutayamba kuda. Lamulo la nyumbayo ankalidziwa bwino lomwe.

"Unayesa," anatero. "Unayesa, unaona, ndipo unaperekabe."

"Wilkins, n'chiyani?" anafunsa a Christina. "Mukundibisira chiyani anthu inu?"

Wilkins anasiya dzanja la Afisa, ndipo linagwa ngati chikuni.

"Auze wekha, Abiti Sumaili. Auze amayi anga kuti mawa adzuka ndi nkhope yotani, ndiponso kuti nkhopeyo unaikonzera ndani."

A Christina anayang'ana mwana wawo, nayang'ana mtsikana wogwada ndi sopo m'manja uja. Kenako dzanja lawo linakwera pang'onopang'ono, n'kukagwira patsaya.